Fomu yomwe inkakana zithunzi za m'foni: lipoti la vuto lokweza mafayilo pa webusayiti

Webusayiti yomwe ndikufotokoza pano ndi ya bungwe lina la mu Lilongwe lomwe limathandiza achinyamata ndi ndalama za sukulu. Ili pa WordPress, ndipo anaikapo pulagini ya mafomu. Wopempha amalemba dzina, boma lomwe akuchokera ndi nambala ya foni, kenako amakweza mafayilo atatu: chithunzi cha chiphaso cha unzika, satifiketi ya MSCE, ndi kalata yomwe koleji inamuitanira. Seva ndi ya lendi, VPS ya Ubuntu, yokhala ndi nginx kutsogolo, pulogalamu yolandira zomwe alendo akupempha kapena kutumiza, ndi PHP-FPM kumbuyo, yomwe imayendetsa khodi ya PHP ya WordPress. Amene anaimanga anasiya ntchito kale. Ine ndinangoilandira kuti ndiziisamalira: kuika ma update, kusunga ma backup, ndi kuyankha ikavuta.

Dandaulo

Mayi amene amalandira mafomuwo anandiimbira Lolemba m'mawa, kutatsala masiku khumi kuti nthawi yopempha ithe.

"Achimwene, anawa akudandaula. Akuti akadina batani lotumiza imangozungulira, kenako imawauza kuti ayambirenso."

"Onse, mayi?"

"Ayi. Ena akudutsa bwinobwino. Koma mtsikana wina wa ku Mchinji wandiimbira katatu, akuti bandulo yamuthera pa fomu yomweyi."

Ndinawapempha kuti anditumizire chithunzi cha zomwe zikuoneka pa foni ya mtsikanayo. Uthenga wake unali wa Chingerezi, mawu ochepa: "Security check failed. Please reload the page and try again." Panalibe chilichonse chonena za fayilo, kukula kwake kapena mtundu wake. Ndinatsegula fomuyo pa laputopu yanga, n'kukweza ma PDF atatu omwe ndimayesera nthawi zonse, ndipo inadutsa m'masekondi awiri. Ndinabwereza kachiwiri, kachitatu, chimodzimodzi. Ma PDF angawo onse pamodzi sankafika ngakhale 1 MB, koma tsiku limenelo sindinaone kuti zimenezo zili ndi kanthu.

Tsiku lomwe ndinataya

Uthengawo unandilozera ku nonce. Kwa amene sanakumane nayo, nonce ndi kanambala kachinsinsi komwe WordPress imabisa m'fomu kuti fomuyo ikabwerera, seva itsimikize kuti yachokeradi pa tsamba lake. Kanambalaka sikakhalitsa: kamagwira ntchito pakati pa maola 12 ndi 24, kenako kamafa. Webusayiti ikakhala ndi cache, ndiko kuti imasunga kope la tsamba m'malo molipanga mwatsopano, tsamba limodzi lomwelo limaperekedwa kwa alendo kwa nthawi yaitali, ndipo likakhala m'cache kupitirira moyo wa nonce, aliyense amalandira fomu ya kanambala kakufa. Vuto limeneli ndalionapo kangapo, ndipo pa webusayitiyi panalidi pulagini ya cache. Zonse zinkagwirizana, mpaka mfundo yakuti ena akudutsa pamene ena akukanidwa, chifukwa odutsawo akanatha kukhala amene anafika cache itangotsukidwa.

Ndinachotsa tsamba la fomu m'cache, n'kutsuka zonse, n'kuwauza mayiwo kuti zatheka. Lachiwiri masana anaimbanso. Anthu ena anayi anali atakanidwa, ndi uthenga womwewo.

Apa ndinaganizira za netiweki, monga momwe aliyense wa kuno amaganizira chinthu chikakanika pa intaneti. Koma kamangidwe ka sevayo kankatsutsa ganizoli. Nginx imayamba yalandira zonse zomwe munthu akutumiza, n'kuzisunga, ndipo zikakwanira ndi pamene imazipereka kwa PHP. Choncho ngakhale foni itenge mphindi zitatu ikukweza, nthawi ya PHP siidyeka. Nginx imadula pokhapokha pakadutsa masekondi 60 osalandira kalikonse, ndipo zikatero munthu saona uthenga wa pulagini, amaona kuti tsamba lakanika kutseguka. Anthuwa ankaona uthenga wa pulagini. Ndiye kuti zomwe ankatumiza zinkafika, PHP inkadzuka, pulagini inkayankha. Netiweki inalibe mlandu.

Maina a mafayilo

Chomwe chinanditsegula maso ndi foda ya mafayilo omwe anadutsa. Ndinaitsegula popanda cholinga chenicheni, kungofuna kuona kuti odutsawo akufanana pati. Ambiri mwa maina ake anali a mtundu umodzi: IMG, kenako deti, kenako WA ndi nambala. Limenelo ndi dzina lomwe WhatsApp imapereka kwa chithunzi pa foni za Android. Otsalawo anali ma PDF ang'onoang'ono, ooneka kuti anachita sikani ku malo ojambulira mapepala.

WhatsApp imafinya chithunzi chisanatumizidwe. Chithunzi chomwe kamera inasunga pa 4 MB chikadutsa m'WhatsApp chimatuluka chili cha ma KB mazana angapo basi. Ndiye kuti amene ankadutsa ndi aja anajambulitsa mapepala awo pa foni ya mnzawo n'kuwalandira pa WhatsApp. Amene ankajambula ndi foni yawo n'kukweza chithunzicho mwachindunji, ndiwo ankakanidwa. Ochita zinthu mosamala, ofuna kuti satifiketi ioneke bwino, ndi amene fomu inkawabweza.

Ndinatenga foni yanga, n'kujambula mapepala atatu omwe anali patebulo, n'kuwakweza. Onse pamodzi anali pafupifupi 11 MB. Inazungulira, inazungulira, kenako: "Security check failed." Kuyambira Lolemba, aka kanali koyamba kuti vutolo ndilione ndi maso anga.

Logi ya PHP ndinali nditaiona kale, koma ndinkafufuza mawu akuti nonce ndi dzina la pulagini. Nditaitsegulanso ndikudziwa nthawi yeniyeni yomwe ndinakanidwa, mzere unali pomwepo: "POST Content-Length of ... bytes exceeds the limit of 8388608 bytes in Unknown on line 0". Nambala 8388608 ndi 8 MB ndendende. Mizere yotere inalipo yambiri, kuyambira tsiku lomwe fomu inatsegulidwa. Siitchula pulagini kapena fayilo ya khodi chifukwa imalembedwa khodi ina iliyonse isanayambe kuyenda.

PHP ili ndi malire awiri omwe anthu amawasokoneza. Loyamba ndi upload_max_filesize, lomwe limayeza fayilo imodzi payokha, ndipo likangobwera limakhala 2M. Lachiwiri ndi post_max_size, lomwe limayeza katundu yense wa fomu pamodzi, mafayilo onse ndi zolembedwa zomwe, ndipo limabwera lili 8M. Amene anamanga sevayi anakweza loyamba kufika 10M, n'kuika client_max_body_size, malire a nginx a kukula kwa katundu, pa 20m. Anachita bwino kukumbukira nginx, chifukwa yokha imabwera ndi 1m ndipo imabweza cholakwika cha nambala 413 pa chilichonse choposa pamenepo. Koma post_max_size anaisiya pa 8M. Pa tsamba la fomu panalembedwa kuti fayilo iliyonse isapitirire 10 MB, ndipo anthu ankamvera, koma zitatu zikaphatikizana zinkadutsa 8 MB.

Malire awiriwa akaphwanyidwa sachita zofanana, ndipo apa ndi pomwe panagona nkhani yonse. Fayilo imodzi ikaposa upload_max_filesize, PHP imaitaya fayiloyo koma imasiya chizindikiro: mu $_FILES, momwe PHP imalembamo za mafayilo omwe abwera, mumakhala nambala ya cholakwika, 1, yomwe dzina lake ndi UPLOAD_ERR_INI_SIZE. Pulagini imatha kuiwerenga n'kuuza munthu kuti fayilo yakula. Koma katundu yense akaposa post_max_size, PHP siimasula n'komwe mtolowo. $_POST, momwe mumakhala zolembedwa za m'fomu, imafika yopanda kanthu, $_FILES yopanda kanthu. Dzina la wopempha kulibe, boma kulibe, mafayilo kulibe, ndipo nonce nayonso kulibe, popeza inali mumtolo womwewo. Pulagini yathu ikaona kuti pabwera POST, ndiko kuti fomu yatumizidwa, choyamba imafunsa nonce. Siipeza, ndipo imanena zomwe ikudziwa: chitetezo chakanika. Sinkanama, koma inkayankha funso lina. WordPress yeniyeniyo imachitanso zomwezi munthu akakweza theme kapena pulagini yaikulu kuposa malirewa: imati "The link you followed has expired", ngakhale linkiyo ili moyo.

Chondichititsa manyazi n'chakuti WordPress ili ndi tsamba la Site Health lomwe limachenjeza post_max_size ikakhala yaing'ono kuposa upload_max_filesize. Chenjezolo linalipo nthawi yonseyi, pansi pa ena okhudza ma theme osagwiritsidwa ntchito, omwe ndinazolowera kungowadutsa.

Kukonza, ndi fayilo yolakwika

Masamu ake ndi osavuta. Mafayilo atatu a 10 MB ndi 30 MB, kuonjezera kamalo ka zolembedwa, ndiye post_max_size ikhale 32M, ndipo nginx nayo ikwere kufika 32m kuti isadule PHP isanaone. Ndinafunsa seva kuti php.ini yake, fayilo yomwe malire a PHP amalembedwamo, ili kuti pogwiritsa ntchito lamulo la php --ini, n'kusintha fayilo yomwe inandionetsa, n'kuyesanso. Inakanabe.

Pa Ubuntu, PHP ya pa terminal ndi PHP yomwe imayendetsa webusayiti zimawerenga mafayilo osiyana. Ina ili mu foda ya cli, ina mu foda ya fpm. Lamulo lomwe ndinalemba limafunsa ya pa terminal, choncho ndinasintha fayilo yomwe webusayiti siiwerenga. Nditasintha ya mu fpm n'kuyatsanso PHP-FPM, Site Health inaonetsa 32M, ndipo zithunzi zanga zitatu zija zinadutsa.

Kwa amene ali pa hositingi yogawana ndi ena, komwe php.ini saikhudza, njira zimasiyana. Malire awiriwa sasinthika ndi ini_set mkati mwa khodi, chifukwa khodi ikamayamba kuyenda mtolo uja umakhala utalandiridwa kapena kutayidwa kale. Malangizo ambiri a pa intaneti akuti ikani ini_set mu wp-config.php sagwira ntchito pa chifukwa chimenechi. Mizere ya php_value mu .htaccess imagwira PHP ikakhala yomangidwa mkati mwa Apache, pulogalamu ina yogwira ntchito ngati ya nginx, koma pamene palibe module imeneyo imagwetsa webusayiti yonse ndi cholakwika cha nambala 500. Pa FPM kapena CGI njira ndi fayilo ya .user.ini, yomwe PHP imaiwerenganso pakatha masekondi 300 alionse, ndiye munthu ayenera kudikira mphindi zisanu asanaganize kuti yalephera.

Lachitatu madzulo ndinawalembera mayi aja kuti auze onse omwe anadandaula ayesenso. Mtsikana wa ku Mchinji anadutsa usiku womwewo.

Mwezi utasintha

Tinakhala bwino masiku atatu. Loweruka, lomwe linali tsiku loyamba la mwezi watsopano, fomu inayamba kukana aliyense, wa chithunzi chachikulu ndi wa chaching'ono yemwe. Uthenga tsopano unali wina, wakuti fayilo yalephera kusamutsidwa kupita ku wp-content/uploads.

Mlandu uwu unali wanga. WordPress imasunga mafayilo m'mafoda a chaka ndi mwezi, ndipo foda ya mwezi watsopano imapangidwa ndi khodi yoyamba yomwe yafunsa malo osungira mafayilo mweziwo utayamba. Masabata angapo m'mbuyomo ndinali nditaika cron, lamulo lodziyendera lokha pa nthawi yoikika, yoyendetsa ntchito za WordPress kudzera mu WP-CLI, chida cholamulira WordPress pa terminal, ndipo chifukwa chothamanga ndinaiika pa akaunti ya root, yomwe ili ndi mphamvu zonse pa seva, n'kuonjezera --allow-root kuti isakane kuyenda. Pakati pa usiku mwezi utasintha, cron ija ndi yomwe inayamba kufika. Inapanga foda, mwini wake n'kukhala root, ndi chilolezo cha 755. Pa 755 mwini yekha ndiye amalemba, ena amangowerenga. PHP ya webusayiti imayenda pa akaunti ina yotchedwa www-data, choncho inkalandira fayilo, kuisunga pa malo ongoyembekezera, koma pofuna kuilowetsa m'foda ya mweziwo inkapeza chitseko chokhoma.

Lamulo la ls -l linaonetsa zonse pamzere umodzi: mafoda a miyezi yonse ya www-data, imodzi yokha ya root. Ndinabweza umwini ndi chown, n'kusamutsa cron kupita ku akaunti ya www-data kuti mwezi wamawa zisabwererenso. Mnzanga wina amene ndinamufotokozera anati ndikanangoika 777 pa uploads yonse n'kukagona. Zikanagwiradi ntchito, koma kumeneko n'kutentha tchire lonse pofuna mbewa imodzi: 777 imalola akaunti iliyonse ya pa sevayo kulemba m'foda yomwe intaneti yonse imatha kuifikira. Anthu anakanidwa kwa maola pafupifupi khumi tsiku limenelo, ndipo m'lipoti lomwe ndinapereka ku bungwe ndinalemba kuti chifukwa chake chinali cron yanga.

Awiri otsala

Panatsala madandaulo awiri osagwirizana ndi zonsezi.

Mnyamata wina ankaona tsamba loyera, lopanda uthenga uliwonse. Logi inati "Allowed memory size of 134217728 bytes exhausted", kutanthauza kuti 128 MB ya memory_limit inatha. Fayilo yake inali ya 9 MB yokha, yololedwa. Koma foni yake ili ndi kamera ya 50 megapixel ndipo anaiika kuti izijambula pa mphamvu yonse. Foni zambiri zotere zikangosiyidwa zimasunga pafupifupi 12 megapixel. Pulagini imapanga kachithunzi kakang'ono koonetsa mayi aja pa mndandanda, ndipo kuti itero, laibulale ya PHP yokonza zithunzi, GD, imafutukula chithunzi chonse m'memory, pafupifupi ma byte 4 pa pixel iliyonse. Chithunzi cha 12 megapixel chimadya ngati 48 MB, chimakwana. Cha 50 megapixel chimafuna ngati 200 MB. Kukula kwa fayilo ya JPEG sikunena kanthu za memory yomwe idzafunike, chomwe chimanena ndi chiwerengero cha ma pixel. Ndinakweza malire kufika 256M, ngakhale sindinakondwe nazo, chifukwa anthu angapo otere akabwera nthawi imodzi, VPS yaing'ono ngati yathu ikhoza kubanika.

Winayo anali ndi iPhone. Kuyambira iOS 11 mu 2017, foni zimenezi zimasunga zithunzi mu mtundu wa fayilo wotchedwa HEIC, ndipo pulagini yathu imalola JPG, PNG ndi PDF zokha. Apa pulagini inanena zoona, kuti mtundu wa fayilo sunaloledwe, koma mwiniwake sankadziwa kuti HEIC n'chiyani. Mayi aja anamuuza kuti ajambule screenshot ya chithunzicho n'kukweza imeneyo. Inadutsa. Sindinaonjezere HEIC pa mndandanda wololedwa chifukwa kompyuta ya muofesi yawo sikanatha kuitsegula.

Zomwe ndinaonjezera

Kukweza malire kunathetsa kukanidwa, koma sikunathetse chomwe chinamuthera bandulo mtsikana uja. Munthu ankakweza 11 MB yonse, seva n'kuilandira yonse, kenako n'kuitaya, ndipo uthenga unkamuuza kuti ayesenso, iye n'kuyesadi. Satifiketi kuti iwerengeke sifuna 4 MB. Choncho ndinalemba JavaScript yochepa yomwe imagwira chithunzi chikangosankhidwa, foni isanachitumize: imachijambula pa canvas, malo ojambulirapo a mu browser, mbali yaitali n'kukhala ma pixel 2000, n'kuchisunganso ngati JPEG. Zithunzi zanga zoyesera zinatsika kufika pansi pa 1 MB chilichonse, ndipo zilembo zing'onozing'ono za pa chiphaso zinkawerengekabe. Izi zinachepetsanso vuto la memory, popeza seva silandiranso ma pixel 50 miliyoni. Ma PDF sindiwafinya. Khodiyo imangoona kukula kwake, ndipo ikaposa 10 MB imauza munthu nthawi yomweyo, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, asanawononge deta.

Ku mbali ya seva ndinaika mlonda wa mizere yochepa. Pempho likakhala POST, $_POST ndi $_FILES zili zopanda kanthu, koma CONTENT_LENGTH ikuonetsa kuti panatumizidwa zinthu zoposa post_max_size, ndiye kuti mtolo unatayidwa, ndipo munthu amauzidwa kuti mafayilo ake onse pamodzi akula kwambiri. Khodi iyi sindinailembe mkati mwa pulagini ya mafomu, chifukwa update yotsatira ikanaifafaniza. Ili mu foda ya mu-plugins, yomwe WordPress imaiwerenga mapulagini ena asanadzuke. Ndinawalemberanso opanga pulaginiyo, kuwafotokozera momwe angalionere vutoli okha ndi mafayilo oposa 8 MB pa PHP yosasinthidwa.

Pofufuza maina a mafayilo paja ndinaonanso chinthu chomwe sanandiitanire. Ziphaso za unzika ndi ma satifiketi onsewo anali mu uploads, ndipo aliyense wodziwa kapena wongopeka linki akanatha kuzitsegula osalowa ndi pasiwedi. Maina a WhatsApp aja ndi osavuta kupeka, deti ndi nambala yotsatizana basi. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza deta ya anthu, Data Protection Act ya 2024, koma ngakhale likanakhala kuti kulibe, chiphaso cha mwana wa eni sichiyenera kukhala poyera choncho. Ndinauza pulagini kuti izisunga mafayilo a mafomu m'foda yakeyake, n'kuika lamulo mu nginx lokana aliyense wofuna kuifikira mwachindunji. Pa nginx fayilo ya .htaccess siiwerengedwa, ndiye chitetezo chomwe mapulagini ambiri amadziikira okha kudzera m'fayilo imeneyo chimakhala chongoonekera. Ogwira ntchito muofesi tsopano amatsegula mafayilowo atalowa mu akaunti zawo. Akale aja ndinawasamutsira komweko Lamlungu usiku.

Chomwe sindinathe kubweza ndi anthu omwe anakanidwa masabata oyambirira n'kungosiya osaimba foni. Popeza PHP inkataya mtolo wonse, palibe dzina kapena nambala yomwe inasungidwa; logi ili ndi nthawi ndi kukula kwa katundu basi. Ndinawerenga mizereyo n'kupereka chiwerengero chake kwa akuluakulu a bungwe, ndi chenjezo lakuti munthu mmodzi akhoza kukhala ndi mizere ingapo chifukwa choyesa mobwerezabwereza. Iwo anaonjezera sabata imodzi pa nthawi yopempha, ndipo mayi aja analengeza pa tsamba la Facebook la bungwe komanso m'magulu a WhatsApp a aphunzitsi kuti amene fomu inawakana ayesenso. Tsiku loyamba la mwezi wotsatira ndinadzuka 5 koloko kukaona foda yatsopano. Mwini wake anali www-data.